Mbuzi Yopanda Kalata

Pa Nsaru munthu sangofika ndi mbuzi pa njinga n'kuyamba kuitanira malonda. Amafuna kalata ya amfumu yonena kuti chiwetocho n'chako. Tisiyenji ankadziwa bwino zimenezi, komabe anatuma mlongo wake Evance kukagulitsa mbuzi ya m'khola mwake opanda kalata. Kupita kwa amfumu kukanachititsa kuti amuna ake, a Samson, amve, ndipo a Samson akagwira ndalama ya mbuzi sabwera kunyumba masiku atatu.

Linali Lachisanu Loyera. Tisiyenji anavala zoyera za amayi a mpingo, chifukwa masana amenewo ndiye amakawerenga Mawu kutsogolo, ndime ya Petro pa bwalo la mkulu wa ansembe. Anaiyeseza sabata yonse mpaka ana kutopa nayo.

Akudutsa pamsika anapeza chikhamu cha anthu pa shopu ya a Akimu. Evance anali pansi, mlomo utang'ambika, mbuzi ikulira pa njinga yakugwa. Mwezi umenewo makola ambiri anathyoledwa, anthu anali atatopa. Wina amagubuduza tayala. Wina anathamangira petulo wa m'mabotolo.

Mayi wogulitsa tomato anamuyang'anitsitsa Tisiyenji.

"Kodi inu, si mlongo wanu uyu? Akuti mbuziyi mwamutuma ndinu."

Anthu onse anacheuka. A Samson nawonso analipo, cha kumbuyo, atanyamula ndodo. Mantha ndi chinthu chonyansa, amafika msanga kuposa nzeru.

"Ayi, sindikumudziwa."

Anthu anamukweza mutu Evance kuti amuone bwino mayiyo. Evance anayang'ana bulauzi yoyerayo, kenaka analavula magazi.

"Ndinanama. Mayi awa sindiwadziwa."

Apo ndi pamene a Akimu anatuluka. Mkulu wa shopuyo sanakambe zambiri. Anamugwira Evance m'khwapa, kumukokera mkati, n'kutseka chitseko chachitsulo, iwo n'kuima panja. Anati wofuna kuotcha ayambe waotcha iwowo ndi shopu yomwe, ndipo apolisi awaimbira kale. Miyala iwiri inagunda malata. Kenaka anthu anayamba kuchoka mmodzimmodzi, ndipo a Samson, amene anaizindikira mbuzi yawo kalekale, anaimasula n'kumapita nayo.

Belu la tchalitchi linalira. Tisiyenji sanapite. Anazungulira kuseri kwa shopu, kumene a Mwanahawa, akazi a a Akimu, amakhuthula beseni la madzi ofiira. Anawauza zonse akulira, kuti ndi mlongo wake, kuti mbuzi inali yake. Iwo anangomulozera khomo loti alowere.

Evance anali atagona pa matumba a feteleza, bala la pamphumi likuchuchabe. Tisiyenji anavula duku loyera kuti amumange nalo. Evance anabweza dzanja lakelo pang'onopang'ono.

"Valani duku lanu, mayi. Lingade."