Huta ya pafakitale

Akulu anga amajambula mapulani ku khonsolo ya mzinda, ndiye kwathu timangowatchula kuti Mayi Pulani. Ndi iwo anakonza m'mbali mwa mtsinje muja munali fakitale ya mabulangete, kumene bambo athu anagwira ntchito mpaka imvi. Kunena chilungamo, anakonza bwino. Madzi aja ankanunkha utoto pano ayera, aika mabenchi, ndipo m'holo ya makina anthu akumweramo khofi.

Koma huta yoitanira antchito anakana kuichotsa. Analimbana nazo pamisonkhano kuti izilira m'mawa uliwonse ngati kale, ati kulemekeza anthu ngati bambo.

Iwo kulemekeza, ine kuvutika! Bambo anali atayamba kuiwalaiwala, ndipo wokhala nawo ndine. Huta ikangolira, basi adzuka, ovololo m'thupi, majombo kuphazi, ulendo. Ine pambuyo wefuwefu. Akafika ankapeza atsikana akupukuta matebulo pamene panali makina awo. Ankavula chipewa n'kufunsa mlonda, "Kodi andichotsa ntchito? Ndalakwanji?" Tsiku ndi tsiku kuchotsedwa ntchito mwatsopano, munthu wamkulu kulira pagulu. Zinkandiwawa koopsa.

Tsiku lina zinandikwana, ndinakalowa mu ofesi ya akuluwo osagogoda.

"Akulu, chihuta chanucho chitithera bambo. Inu mumangobwera Lamlungu ndi zipatso m'jumbo, wopukuta misozi ndine."

"Nanga ikasiya, ukuona ngati akhala bwino?"

"Ine si dokotala. Zimitsani basi."

Anati chabwino. Sabata yotsatira kunali zii.

M'mawa woyamba ndinagona mpaka dzuwa kulowa pazenera, mtima uli m'malo. Nditapita ndi tiyi kuchipinda kwa bambo ndinawapeza ali maso, bulangete mpaka m'khosi.

"Bambo, dzukani, kwacha."

"Sinalire, mwanawe. Usandifulumizitse."

Mawa lake chimodzimodzi, mkuja chimodzimodzi. Munthu amene ndinkalephera kumupeza pamsewu anayamba kudyera pabedi. Miyendo inafooka, ku bafa mpaka kuwagwira. Ndinathamangiranso kwa Mayi Pulani, manyazi ndaika pambali. Anandiuza kuti huta anaitsitsa, mawaya anadula, ili m'galasi m'chipinda choonetsera zakale. Kuti ibwerere, nkhani iyambirenso pamisonkhano. Sananene kuti ndinakuuza. Bola akananena.

Dzulo ndinazungulira kuseri kwa nyumba, ndinaima pansi pa zenera la bambo. Ndinaika manja kukamwa n'kulira ngati huta, mayi wamkulu ine, aneba akusuzumira pampanda. Ndinakoka mpaka mpweya kutha. Kenako ndinalowa kukaona ngati adzuka.

Anali chigonere, akumwetulira pang'ono.

"Wayesetsa, mwanawe," anatero. "Koma ine ndidikira yeniyeni."