Chitsa cha Mpoza ku Ndunde

Bernadetta anakhala kumbuyo kwa anthu onse pamsonkhanowo, pamene a Ignasio, apampando a komiti yachitetezo, ankaloza ndi ndodo tchire la kuseri kwa bwalo la mpira. Chinali chaka cha 1999, ndipo ku Ndunde kunali kutasintha. Anthu opuma ntchito ku Limbe anali atagula malo mozungulira bwalolo, namanga nyumba za malata ndi mipanda yotalika kuposa eni ake. Eni mudzi ambiri anali atasunthira kumunsi, kufupi ndi dambo. Ndipo kumene kwafika mawailesi ndi njinga zatsopano, akuba sachedwa kumva fungo.

Sabata yapitayo anyamata awiri anatuluka m'tchiremo dzuwa likuswa mtengo, nalanda njinga ya a Matilda, mphunzitsi wa kupulaimale, n'kuwatema pamkono. A Ignasio, omwenso anali obwera, anakumbutsa anthu kuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Anati Loweruka tchire lonse ligwe, zitsa zizulidwe, makamaka mpoza waukulu umene akubawo ankakweramo posuzumira njira. Anthu anawomba m'manja. Bernadetta sanawombe.

Pansi pa mpozawo panali mwana wake. Ali mtsikana anabereka nthayo, mwana wobadwa atafa kale. Mwana wotere sapita kumanda. Amayi akuluakulu amakamukwirira okha m'dzenje losaya, popanda bokosi, mtanda kapena nyimbo, ndipo nkhani yake siyambidwa pamaso pa amuna. Bernadetta anauzidwa kuti akalira sadzaberekanso. Anamvera, misozi naimeza, koma sanaberekenso ndithu, ndipo mwamuna wake anakakwatira kwina. Mayi wina wachifundo ndiye anadzamulozera mtengowo mobisa. Tsopano amayi onse aja anali atatha kumwalira, ndipo wodziwa za malowo anatsala iye yekha.

Masiku otsatira msonkhanowo mtima wake sunakhale pansi. Akaganiza za khasu la mlendo likulowa m'dothi limenelo, ankafuna kukaletsa ntchitoyo. Akafuna kukaletsa, ankakumbukira mkono wa a Matilda wokulungidwa m'nsalu yoyera, ndi ana asukulu amene ankazungulira kutali poopa kudutsa pabwalo. Anachita manyazi kuti ankakonda tchire limene linkapweteketsa anzake, komabe ankalikonda.

Loweruka anthu anamupeza atafika kale, ataima patsinde pa mpoza. Zikwanje zinalira, minga ndi udzu zikugwa, mpaka amuna a nkhwangwa ndi makasu anafika pamene iye anali. A Ignasio anamuseka kuti mayi wafulumira ngati kuli phwando, namupempha kuti apatuke.

"Mtengowu dulani, bambo," anatero Bernadetta. "Koma chitsa musazule. Khasu lisalowe pano."

A Ignasio anayamba kulongosola kuti chitsa chikatsala chimaphukanso, ndipo ntchito yobwereza ndi ya anthu aulesi. Anafunsa chifukwa chake. Bernadetta anangoyang'ana pansi. A Matilda, amene anabwera kudzaonerera ndi mkono wawo wodwalawo, anamuyang'anitsitsa, nayang'ananso dothi, kenaka anasendera n'kuima pambali pake.

"Apampando, mwamva," anatero motsitsa mawu. "Izi n'za amayi."

A Ignasio nawonso anakulira kumudzi asanapite ku Limbe. Anavula chipewa, nauza a makasu kuti abwerere m'mbuyo. Mpoza unagwa ndi nkhwangwa yokha, ndipo utagunda pansi Bernadetta anakhala m'fumbi n'kulira mokweza, kulira kumene kunachedwa moyo wake wonse. Palibe anamuletsa.

Uchifwamba unachepadi. Bwalo linakula, njira inaoneka kuchokera kusitolo mpaka kusukulu, ndipo ana anayamba kusewera mpaka pamene kale panali minga. Tsiku lina masana a Matilda, pochokera kuntchito, anapeza Bernadetta atakhala chapafupi, akuyang'ana tiana tikusewera chipako mozungulira chitsa chija. Tina tinkachilumpha, tina tinkapondapo, fumbi lili koboo. A Matilda anakwiya, nafunsa ngati atithamangitse.

"Iyayi, aphunzitsi, alekeni," anayankha Bernadetta. "Zaka zonsezi wakhala yekhayekha."