Mkaka wa Telala

Mwana wa telala anali ndi masabata asanu, ndipo masana aliwonse ankalira ngati wina wamutsina. Kamimba kankafufuma n'kulimba gwa, timiyendo akutipinda mpaka pachifuwa. Akaphwisa ankakhala chete pang'ono, kenako n'kuyambiranso. Mayi ake, amene ankasokera m'kachipinda ka kuseri kwa golosale, ankaponda makina mtima uli m'mwamba, khutu lili kudengu lomwe ankagonekamo mwanayo.

Alamu ake, achemwali a mwamuna wake, analera ana anayi ndipo sankalola munthu kuiwala zimenezo. Iwo anagamula kuti mpweyawo ukuchokera m'mbale ya mayi. Anamuletsa nyemba, mwana analirabe. Anamuletsa kabichi, mazira, anyezi, ngakhale mkaka wa mu tiyi. Telala anawonda mpaka anabweza siketi yake kawiri pa makina akewo, koma mwana sanasinthe nyimbo.

Lachitatu alamuwo anabwera ndi chitini cha mkaka n'kuchikhazika pamwamba pa nsalu.

"Tisanamizane, alamu, mkaka wanu ndi woipa. Loweruka mwanayu asiye bere, masana ndizikhala naye ine."

Mwamuna wa telala anangoti zyolizyoli, ngati nkhaniyo ndi ya kwa aneba. Telala anachita mantha enieni. Sankaopa chitinicho ayi, ankaopa kuti mwina alamuwo akunena zoona, kuti thupi lake lomwe ndi limene likumuzunza mwana.

M'mawa mwake anatseka kachipinda kaja n'kupita kuchipatala osauza munthu. Pamzere anakhala akubwereza mumtima mmene akavomerere mlandu. Nesi, mayi wonenepa wosachedwa ndi malonje, anamuyeza mwanayo, n'kunena kuti thupi silikutentha ndipo sikelo ikukwera bwino. Atamva za nyemba ndi kabichi anangopukusa mutu. Kenako anamupatsa mpando n'kumuuza kuti amuyamwitse ndendende mmene amachitira kuntchito.

Telala anamugoneka mwana chagada pamiyendo, n'kuwerama kumupatsa bere, dzanja limodzi lili pa tebulo. Mwanayo anangogwira kansonga, akumeza mwaphuma, kukhosi kukumveka kuti gudyu gudyu. Sipanathe mphindi zitatu, anamuchotsa n'kumupatsa bere linalo, ndipo posakhalitsa anali atamugoneka kale pa bedi la nesi.

"Nanga phazilo likutani?" anafunsa nesi.

Telala anayang'ana pansi. Phazi lake lamanja linali likuponda simenti, kukwera n'kutsika, kusoka diresi yomwe panalibe.

Nesi anaseka mpaka kugwira m'chiuno, koma telala sanaseke. Atafunsidwa chifukwa chake samuika mwana paphewa kuti ageye, anayankha motsitsa mawu kuti tsiku lina mwanayo anasanzira pa nsalu ya kasitomala, ndiye kuyambira pamenepo amangomugoneka msanga asanadetse za eni.

Nesi anasiya kuseka. Anamufotokozera kuti mwana woyamwa chogona, mothamanga, atangogwira nsonga ya bere, amameza mpweya wambiri, ndipo ukapanda kutuluka m'mwamba umakamuvutitsa m'mimba. Anamuonetsa kagwiridwe kake: mutu ukhale m'mwamba, kamwa lidzaze bere, amalize limodzi asanapite ku linalo. Mimba ikalimba, azimupalasitsa timiyendo pang'onopang'ono ngati ali pa njinga.

"Mkaka wanu ulibe mlandu, mayi. Mukadye nyemba zanu. Tsopano munyamuleni."

Telala anamukweza mwanayo paphewa n'kuyamba kumusisita msana. Anadikira akuopa kuti palibe chichitike ndipo Loweruka lifika basi. Kenako kamunthuko kanageya mokweza ngati bambo wamkulu wakhuta, n'kufewa thupi lonse, kamutu n'kukatsamiritsa m'khosi mwa mayi ake.

Apa m'pamene misozi inabwera. Anali wosangalala, komanso zinamupweteka kwambiri, chifukwa anazindikira kuti chibwerere kuntchito anali asanamugwirepo mwana wake masana ndi manja onse awiri.

Nesi anatsegula chitseko kuti aitane wotsatira. Telala sanadzuke.

"Anesi," anatero, "ndiloleni ndikhale naye chonchi kaye pang'ono."