Chipeso cha ku Limbe

"Kodi pansi pa nyanjapo munatayapo chiyani?" anafunsa Zondiwe.

Sharifa ndi Chelsea anali ataweramira laputopu pa tebulo la m'khitchini, mitu itagundana, akukangana za malo okadayiva, kusambira kwa pansi pa madzi kuja. Ku Birmingham kulibe nyanja, ndiye kulikonse kumene akanasankha unali ulendo wa maola angapo pa galimoto ya Chelsea.

"Anglesey ndi pafupi," anatero Chelsea m'Chichewa chake chotsimphina. Anabadwira ku Foleshill, ku Coventry, ndipo ku Ntcheu kwa makolo ake anapitako kawiri kokha. "Koma wind ikabwera kuchokera west, palibe kulowa. Swanage ndi bwino. Pansi pa pier, mlatho wolowa m'nyanja uja, ndi mamita four basi. Perfect for your first sea dive."

"Mamita anayi?" anatero Sharifa. "Bola ndingodzaza madzi m'bafa muno."

Anaseka onse awiri. Zondiwe anapitiriza kutsuka kapu imene inali itayera kale.

Iye ndi Sharifa anabwera pa ndege imodzi zaka zitatu zapitazo. Ankagwira ntchito pa nyumba imodzi yosamalira okalamba ku Dudley, nkumakwera limodzi mabasi awiri m'mawa uliwonse kuchokera ku Lozells. Kamodzi pamwezi, Lamlungu, Sharifa ankakhala pa khushoni pakati pa mawondo a Zondiwe, Zondiwe nkumamuluka tsitsi, miseche yonse ya kuntchito nkuthera pamenepo. Kenako Sharifa anaona chipepala cha kalabu ya odayiva chitamatidwa pa khoma la ku swimming pool. Iye anakulira ku Liwonde, madzi sankamuopsa. Zondiwe anali wa ku Dedza, madzi ankawadziwira m'ndowa.

Lamulo la odayiva ndi lakuti munthu salowa m'madzi yekha. Amakhala ndi mnzake womuonera mpweya, womumangitsa malamba, womugwira dzanja pansi pakada. Mnzakeyo amamutcha buddy, ndipo wa Sharifa anali Chelsea. Kwa miyezi isanu tsopano, mawu amenewa Zondiwe ankawamva m'mawa, masana ndi pa basi pomwe.

"Ndiye tagwirizana Swanage, Loweruka likubwerali," anatero Sharifa, natembenuka. "Amwali, za shifiti ija mwaganiza bwanji? Manijala wati fomu yosinthana ikhale itasainidwa mawa isanakwane thwelofu."

Lowerukalo Sharifa anali pa rota, ndipo amene anali pa ofu anali Zondiwe yekha. Akapanda kusaina, ulendo unali utafa, ndipo kalabu sinkabwereranso kunyanja mpaka nyengo yozizira itatha. Kwa sabata ziwiri Zondiwe ankayankha mawu amodzimodzi.

"Ndiona."

"Mukuonabe mpaka lero? Maso amenewa tikawayezetse."

"Ndati ndiona."

Sharifa anayang'ana Chelsea, Chelsea anayang'ana laputopu. Kuyang'anana kumeneko Zondiwe anakuona, nakusunga.

"Pali kenanso," anatero Sharifa motsitsa mawu, akugwira mpango wa kumutu. "Mawaniwani awa atuluke. Chipewa cha labala chodayivira chija sichikulowa bwino, ndiye madzi a kunyanja ndi ozizira."

Zondiwe anaika kapu pansi. Mawaniwaniwo anawaluka yekha masiku khumi ndi anayi apitawo, kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa, ndi meshi imene anakaisankha yekha ku Soho Road. Zala zinamupweteka masiku awiri.

"I can do cornrows after, Auntie Zondi," anatero Chelsea. "Malaini. Twenty minutes basi."

Zondiwe anali wamkulu kwa Chelsea ndi zaka zisanu zokha, koma uanti umenewu unamumatirira tsiku loyamba lomwe.

"Zoonadi," anatero. "Mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa."

"Kalumo ndi chani?" anafunsa Chelsea.

"Akukuyamikira," anatero Sharifa msangamsanga.

Zondiwe anakwera kuchipinda, natsika ndi chipeso chake chamchira wautali chimene anagula mu msika wa Limbe kutatsala tsiku limodzi kuti anyamuke. Mano awiri anali atathyoka, koma sankalola munthu wina kuchigwira. Anakhala pa mpando, naponya khushoni pansi.

"Khala."

Sharifa anakhala, navula mpango pang'onopang'ono. Zondiwe anayambira kunkhongo, kumasula limodzilimodzi, meshi nkumagwera pa nyuzipepala. Sanali kukoka mwadala, koma sanalinso kupepesa. Chelsea ankawerenga mokweza nthawi imene nyanja idzakwere ndi kuphwa Loweruka, ndi nthawi yoti adzanyamuke kuti akapeze malo oimika galimoto.

Atafika pamwamba pa khutu lakumanzere, zala za Zondiwe zinaima. Mawaniwani atatu anali atadulidwa pafupi ndi khungu, zitsa zake zitabisidwa pansi pa anzake. Sizasi inadya meshi pamodzi ndi tsitsi lenileni.

"Wadula ndani apa?"

Chelsea anasiya kuwerenga.

"Ndiye chifukwa chake mpango sunachoke kumutu sabata yonseyi, ngakhale pophika," anatero Zondiwe. "Ine kumati mwina wayamba kupemphera kwambiri."

Sharifa anafotokoza akuyang'ana pansi. Lamlungu lapitalo anakayeserera ku dziwe la mgodi wakale wa miyala, cha ku Leicester. Liwaniwani limodzi linalowa m'mphepete mwa magalasi a m'madzi, madzi nkuyamba kulowera pamenepo. Anayesa kuwatulutsa monga anaphunzirira, koma ankangodzazanso, mpaka anafika m'mphuno. Anali mamita asanu ndi limodzi pansi, m'madzi obiriwira oti munthu saona dzanja lake. Anafuna kuthawira pamwamba mwaliwiro, chimene odayiva amaletsa chifukwa chimavulaza mapapo.

"Chelsea anandigwira dzanja," anatero. "Anandifinya kawiri, nkundiyang'ana m'maso mpaka mtima unakhala pansi. Tinakwera pang'onopang'ono. Titatuluka ndinamuuza ndekha kuti adule, kuti ndilowenso tsiku lomwelo. Ndikanapanda kulowanso pomwepo, sindikanadzalowanso."

"She was really brave, Auntie."

Zondiwe sanamuyang'ane Chelsea.

"Bwanji sunandiuze, Sharifa?"

"Ukanati ndisiye."

"Ndikanatero."

"Ndiye ndi zimenezo."

Bambo ake a Sharifa atamwalira, foni inalira ali pa basi ya ku Dudley, ndipo anali Zondiwe amene anamugwira dzanja mpaka potsikira. Iye ankayesa kuti malo amenewo ndi ake. Tsopano anadzifufuza mumtima kuti apeze mantha oti mnzake akanamira, ndipo anawapeza ndithu, koma anali pansi pa chinthu china. Chimene chinali pamwamba chinali kufinya kawiri kuja. Anachita nacho manyazi, koma sichinachoke.

Anamaliza kumasula. Anapesa tsitsi lonse, nalipaka mafuta. Chelsea anaimirira, akupinda manja a juzi.

"Ndipange malaini tsopano?"

"Khala pansi, mwana iwe. Kapena pita ku galimoto ukatenge magalasi akewo ndi chipewacho."

Chelsea atabwera nazo, Zondiwe anamuveka Sharifa magalasiwo, nayang'ana pamene labala ikudutsa pa chipumi ndi m'mbali mwa maso. Analemba malirewo ndi mchira wa chipeso, nawavula. Kenako anayamba kuluka. Malaini ake anali ang'onoang'ono, ogona ngati osokedwa, onse othawa kumaso kupita kunkhongo. Pamene lamba wa magalasi amadutsa anawapatutsa kuti lambayo apeze njira. Pa zitsa zitatu zija analuka mokhotetsa, chilemacho nkubisika.

"Mukukoka, amwali," anatero Sharifa.

"Pansi pa nyanja sunalire. Ulire pa khushoni?"

Zinatenga ola ndi theka. Atamaliza anamuveka chipewa cha labala chija, ndipo chinalowa ngati sokosi. Anamuvekanso magalasi, nayendetsa chala m'mphepete monse. Panalibe ngakhale tsitsi limodzi lotulukira. Komabe anamasula laini yakumanja nailukanso, chifukwa inali itayandikira labala kuposa inzake.

Chelsea anazungulira mutuwo kawiri.

"Okay. Ine sindingathe izi," anatero. "Mine come loose in two days. Mungandiphunzitse?"

"Unali pomwepa. Maso unali nawo."

Sharifa anadziyang'ana pa galasi la chitseko cha uvuni, atavala magalasi ndi chipewa pamwamba pa diresi ya panyumba, naseka yekha. Anatembenuka, nagwira bondo la Zondiwe.

"Madzi saiwala khwawa, amwali. Ukudziwa kuti ndikatuluka m'nyanjamo, woyamba kumuimbira ndi iwe."

"Ukatuluka," anatero Zondiwe.

Anakulunga meshi yakaleyo m'nyuzipepala, nakaitaya mu bini ya panja. Anaima pang'ono pa khomo la kuseri. Kwa aneba ankakazinga anyezi, ndipo mu Lozells Road basi inali kulira mabuleki. Atabwerera anapeza awiri aja atabwereranso pa laputopu, akuyang'ana chithunzi cha nkhanu yaikulu imene akuti imakhala pansi pa mizati ya ku Swanage. Fomu yosinthana shifiti inali pa tebulo pamene Sharifa anaisiya sabata ziwiri zapitazo, kona imodzi itadetsedwa ndi tiyi.

Zondiwe anatenga cholembera, nasaina. Kenako anatsuka chipeso chija pa mpopi, nachipukuta bwinobwino ndi kansalu. Chikwama cha zodayivira cha Sharifa chinali chotsegula pafupi ndi chitseko. Anaika chipesocho m'thumba la m'mbali, natseka zipi.

"Loweruka ndigwira shifiti yako," anatero. "Chipesocho mutenge. Ine kuluka ndasiya."

Sharifa anavula magalasi aja kuti amuone bwino. Zondiwe anali atayamba kale kukwera masitepe.