Mabakiteriya a m'Chipanda cha a Fabiano

Rosaria atabwera kuchokera ku yunivesite ku Lusaka m'chaka cha 1996, anayamba ntchito m'kachipinda kopimira mkaka ku Palabana. Mtima wake unali pa chipanda cha bambo ake, a Fabiano, chimene chinkasandutsa mkaka kukhala chambiko chokoma kuposa cha wina aliyense m'deralo. Anatapamo pang'ono, nalekanitsa mabakiteriya ake, tizilombo tosaoneka ndi maso, n'kuyamba kuwaweta m'mabotolo.

Tsiku lina anawathirira shuga wamitundu iwiri pamodzi: gulukosi, amene savuta kudya, ndi lakitosi, shuga wa mumkaka. M'mawa wonse madzi a m'botolo ankachita mbuu, kusonyeza kuti tizilomboto tikuswana. Dzuwa lili pamutu, zonse zinangoima zii.

"Tafa tizilombo utu," anatero Greenwell, mnzake wa pantchito. "Tayani, ba Rosaria, nifuna botolo."

Rosaria anafika nalo pamtsuko wotayiramo, koma dzanja linakana. Tizilomboti tingafe bwanji chakudya chikadalimo? Anapima madziwo. Gulukosi anali atatheratu, koma lakitosi anali chikhalire, osakhudzidwa n'komwe.

Botolo lija analibwezera pamalo ofunda, nakhala pampando osapita kukadya. Patapita nthawi, madzi aja anayambanso kuchita mbuu, lakitosi n'kumachepa.

"Ba Greenwell, bwelani muone!" anakuwa. "Tizilombo sitinafe! Tenze kutsegula citseko cina!"

Anamufotokozera mawu akuthamangitsana. Majini, malangizo obadwa nawo a m'kati mwa kachilombo, amene amapanga khomo lolowetsera lakitosi amakhala pamzere umodzi, ndipo onse amatsegulidwa ndi kutsekedwa pamodzi. Gulukosi akakhalapo, mzerewo umakhala wotseka. Akatha, kachilomboko kamayamba kaima kaye kuti kamange khomolo. Zimenezi anaziwerengapo m'mabuku a kunja, koma lero anaziona ndi maso ake, m'tizilombo ta kwawo. Anabwereza kangapo mlungu umenewo, ndipo nthawi zonse zinkatero.

Loweruka anapalasa njinga mpaka kumudzi, fumbi lili koboo kumbuyo. Anawapeza a Fabiano akukama ng'ombe, nawauza zonse.

Mkuluyo anapukuta manja, namufunsa mwana wake.

"Ndiye kuti m'cipanda canga muli tunthu tosankha zakudya?"

"Inde, atate. Ndipo nizalemba, ŵanthu akaŵelenge ku Lusaka."

A Fabiano anaseka mpaka misozi, naitana a Nelesi, akazi awo, kuti abwere msanga adzamve zimene mwana wawo wapeza.