Mabuku Aganyu

Profesa anali atagwada, tsaya litatsala pang'ono kukhudza simenti, akusuzumira kunsi kwa kabati, pamene mng'ono wake anatulukira atasenza mipando yoti akabweze kwa eni ake.

"Mwataya chiyani, achimwene?"

"Batani."

"Batanilo ndi loyendayenda. Dzulo munkalifuna kunsi kwa bedi."

Profesa anadzuka n'kusasa mawondo. Sanali profesa wa pasukulu ina iliyonse. Dzinalo analitola ali mwana chifukwa chodya maso ali pabuku, ndipo linamutsatira kunja kumene anakhalitsa mpaka ana a mng'ono wake kumangomudziwira pachithunzi. Kumaliro a amayi ake anafika zonse zitatha, nkhata zitayamba kufota. Anapeza msewu wa kwawo utadzaza timashopu ta mafoni, mtengo wa pakhomo utadulidwa, ndipo zimenezi ankazidandaula mokweza ngati pochoka anasiya munthu woti azimusungira. Koma chimene ankafuna kunsi kwa mipando sanauze aliyense.

Amayi atapuma ntchito yaunamwino anadziikira lamulo: buku limodzi mwezi uliwonse, chaka chathunthu. "Matupi a anthu ndawadziwa mokwanira," anatero pafoni, "tsopano ndione zimene zimakhala m'mitu mwawo." Profesa ndiye ankasankha mabukuwo n'kumatumiza, ndipo mwezi ukamatha amayi ankaimba kudzapereka chigamulo.

"Bambo wa m'bukumu wadandaula za mkazi wake kuyambira tsamba loyamba mpaka lomaliza. Miyendo ali nayo, osangopita kukapepesa bwanji?"

Za buku la nkhondo anati, "Wolembayu sanaonepo bala. Magazi satuluka mwaulemu choncho."

La mayi wamasiye woweta njuchi analibwereza kawiri, osanena zambiri. Anangoti, "Ameneyu ndikumudziwa."

Profesa ankatenga mawu amenewa n'kumakawasandutsa nthabwala pamaphwando a anzake ophunzira, akutsanzira mawu a amayi ake, anthu n'kumagwa nazo.

Chigamulo cha amayi sichinkathera pakamwa. Buku labwino ankalikuta ndi pepala la kalendala yakale n'kuliyambitsa ulendo: kwa bambo wometa tsitsi, kwa mayi wa pagolosale, kwa anzawo opuma ntchito. Loipa linkapita kuganyu. "Lakanika kugwira ntchito ndi mutu, ligwire ndi msana," ankatero. Profesa anali atapeza kale aganyu atatu. La bambo wodandaula lija linali litachirikiza mwendo waufupi wa kabati. La nkhondo linkatchinga zenera kuti lisamenyedwe ndi mphepo. Lina, limene kunja linalandira mphoto, linali kukhitchini, lili ndi chipsera chozungulira cha poto pachikuto.

La mwezi womaliza linali lake, loyamba kulemba iye mwini. Pakati pake panali mutu wonena za mayi wina namwino, wa manja ofewa kwa alendo kuchipatala koma ouma ngati chikopa kunyumba, amene tsiku lomwe mwamuna wake anamwalira anaima n'kumasita yunifolomu, osagwetsa msozi ngakhale umodzi. Akunja anautama mutuwo kuti ndi wolimba mtima. Iye analiika m'phukusi ngati munthu woponya mwala padenga n'kuthawa. Kenako amayi anagonekedwa m'chipatala, ndipo foni ya kumapeto kwa mwezi sinabwere. Kodi analiwerenga? Ngati analiwerenga, lili pansi pa mwendo wa chiyani?

"Mabuku anuwa muwatenge pobwerera," anatero mng'ono wake atabwerako. "Nyumbayi tiikamo anthu."

"Mwafulumiratu. Fungo la amayi lisanachoke n'komwe?"

"Fungo la amayi mukulidziwa inu? Ife tinkalandirana kuchipatala, kuwatembenuza, kuwasambitsa. Inu munkatumiza mabuku. Aliyense ndi mbali yake, Aprofesa."

Profesa anali ndi mayankho ambiri akuthwa, koma onse anali a m'mabuku. Anangolowera kukhitchini.

Mlamu wake, mkazi wa mng'ono wakeyo, anali akupukuta makapu obwereka n'kumawasanja m'katoni. Chifikireni Profesa ankamuzemba, chifukwa nayenso anali m'bukumo: mkazi amene amayeza makatani ndi maso apongozi ake akadali moyo. Anayamba kusuntha ndowa ya madzi kuti aone pansi pake.

"Alamu, lekani kuvutitsa katundu," anatero mayiyo osatembenuka. "Silili pansi pa chilichonse."

Profesa anasiya ndowa ija. "Chiyani?"

"Batani lanulo."

Anaika kapu m'katoni, natenga ina.

"Maso anali atayamba kuwavuta, dzanja lili ndi diripi. Ndiye masana, nthawi yoona odwala, ndinkawawerengera ndine."

"Lonse?"

"Ine ndinali nditasuzumira kutsogolo, ndinkadziwa zimene zikubwera. Titafika pamutu ujawu ndinagwira masamba onsewo pamodzi n'kutembenuza. Sindinamalize ngakhale mzere. Akuti, 'Wadumpha.' Ndinakana. Akuti, 'Mwana wanga ndi wotopetsa, safika pamfundo msanga choncho. Bwerera.'"

Profesa anakhala pakampando ka pakhomo. Ankafuna atapempha kuti nkhaniyo ithere pomwepo, komanso ankafuna atamva zonse.

"Ndinabwerera. Bedi loyandikana ndi lawo linali ndi agogo ena, nawonso anatchera khutu. Ndinawerenga za manja ouma, za kusita kuja, zonse. Mawu anu, pakamwa panga. Nditamaliza anatsinzina, ine n'kumayesa agona. Kenako akuti, 'Kani mwana uja ankandiona. Ine ndinkayesa maso ake amangokhala pabuku.'"

"Anangotero?"

"Anatinso yunifolomu imene ija anaipsereza pakolala tsiku limenelo, mpaka kuitaya. Nsimbi inangoima pamodzimodzi, iwo osadziwa. Akuti, 'Koma zimenezo sakanaziona, tebulo linali lalitali kwa iye. Walemba zimene munthu wamfupi amaona.'"

Panja galimoto inadutsa ikuliza nyimbo. Profesa anayang'ana manja ake, ofewa, osadziwa kulemera kwa munthu wodwala.

"Za makatani nazonso ndinawerenga ndekha, mokweza," anapitiriza mlamuyo. "Amayi anaseka mpaka kutsokomola, anamwino kuchita kubwera. Akuti, 'Apa ndiye wakunamizira. Makatani anga ndi oipa, palibe angawasirire.'" Anapinda kansalu kopukutira n'kukaika pambali. "Iwo anaseka, alamu. Ine sindinaseke."

"Alamu, ine..."

"Musavutike. Mukayamba kulankhula mutenga masamba ambiri. Miyendo muli nayo, pakhomo pathu mukupadziwa."

Kunamveka odi. Anali bambo wometa tsitsi wa pakona, wokalamba, atavala jekete ngakhale kunkatentha. Anapepesa maliro, nakhala pamphepete pa mpando, kenako anatulutsa m'thumba buku lokutidwa ndi kalendala.

"Ndabweza la njuchi. Wandichedwetsa ndi mkazi wanga, anandilanda. Tsopano, pepani kufunsa pa nthawi ngati ino, koma malemu anandilonjeza kuti la mwana wawo likatha, woyamba ndine. Mayi wa pagolosale akuti ndi iwo, koma akunama."

Profesa anayang'ana kumsewu. Bukulo likalowa m'nyumba yometera, ndiye kuti msewu wonse uliwerenga, anthu amene amayi anawamanga mabala, amene ananyamula bokosi iye ali m'ndege. Akanatha kunena kuti linatayika kuchipatala. Bodzalo linafika pamilomo.

Mlamu wake analowa kuchipinda n'kubwera ndi chikwama chimene amayi anapita nacho kuchipatala. Anatulutsamo thaulo, kapu, magalasi, kenako buku. Sanalipereke kwa mlendoyo. Analiika pamiyendo pa Profesa n'kubwerera kukaima pakhomo la khitchini.

Linali lokutidwa ndi pepala la kalendala. Ngodya zitatu zinali zopindidwa molimba, mosongoka, monga mmene amayi ankapindira nsalu za pabedi la odwala, moti ngakhale chala sichikanalowa. Yachinayi inali yongoyambidwa. Pepalalo linali litakhwinyata pomwe dzanja linayesa kangapo n'kulephera.

"Anandichenjeza kale," anatero wometayo. "Akuti pakati pake pamawawa, koma ndisadumphe."

Profesa anayang'anitsitsa ngodya zitatu zija kuti aone kapindidwe kake. Anayesa, inapotoka. Anafunyulula n'kuyesanso, akukanikiza ndi chala chachikulu mpaka pepala linagona. Sinafanane ndi zinzake, koma inagwira. Anaimirira n'kulipereka ndi manja awiri.