Nyale Sauzira

"Bweretsani tinyale tonse patebulo pano!" anakuwa Aphunzitsi, malaya atawapinda mpaka m'zigongono. "Lero muona zimene ine ndinaona kutsidya kwa nyanja zitatu!"

Ana khumi ndi anayi a kalasi ya Chifalansa ya Loweruka anathamanga ndi tinyale tadothi timene anaumba sabata yapitayo. Aphunzitsiwo ankatchedwa a Ndinafikako, chifukwa munthu akangotchula dziko lililonse, iwo ankadziguguda pachifuwa n'kunena mawu amenewo. Chifalansa sanachiphunzire pa desiki. Anachitola m'madoko, zaka khumi ndi ziwiri akuphika m'sitima yapamadzi, ndipo atabwerera anatsegula kalasi yawoyawo m'chipinda cha pamwamba pa sitolo ya nsapato.

Tsikulo mtima wawo unali m'mwamba. Pakona pankakhala mtsikana wa zaka zisanu ndi zitatu, wa banja lachihindu, amene anzake ankamutcha Chete. Miyezi itatu yathunthu anali asanatulutse liwu limodzi la Chifalansa. M'mawa umenewo mayi ake, omwe anali namwino, anaima pamasitepe n'kunena kuti, "Aphunzitsi, musakhumudwe, koma lero ndi lomaliza. Mwanayu akungobwera kudzatenthetsa mpando."

"Mayi, ine ndinaseketsa kaputeni amene sankaseka ngakhale pa ukwati wake," anayankha a Ndinafikako. "Ndipatseni maola awiri okha."

Nzeru yawo inali yoti aphunzitse za Diwali, chikondwerero cha nyale cha Ahindu, chomwe chinali mawa lake, kuti mwanayo amve ngati ali kwawo. Anathira mafuta m'tinyale, naika tizingwe tathonje, natseka makatani, nayatsa. Chipinda chonse chinawala psuu.

"Ichi ndi la lampe, nyale. Kuwalaku ndi la lumière. Nenani!"

Ana ananena mofuula. Chete maso ake anali mbee, koma pakamwa pali tseke.

"Tsopano mwambo weniweni," anatero Aphunzitsi, akukankhira tinyale tonse pakati pa tebulo. "Tiwerenga mpaka katatu, kenako tonse tiuzire pamodzi kuti nyalezi zizime. Un! Deux!"

Masaya a ana khumi ndi atatu anafufuma.

"Non!"

Anali Chete. Anali ataimirira, manja atatambasula kutchinga nyale zija. "Non, Monsieur! Non, non!" Kenako mawu anakhuthuka ngati madzi a m'mpopi wothyoka. "Si keke ya tsiku lobadwa iyi! Nyale za Diwali sauzira, zimayaka mpaka mafuta atha okha. Ndipo saunjika pamodzi chonchi. Zimakhala pakhomo ndi m'mawindo kuti madalitso aone njira. Komanso muno simunasese n'komwe!"

Woyamba kutsegula pakamwa anali mtsikana wolongolola amene ankamutcha Wayilesi.

"Aphunzitsi, paja munati munafikako?"

A Ndinafikako anakanda dazi lawo. "Kufika ndinafika, mwanawe. Padoko. Nyalezo ndinaziona ndili m'sitima, ndikusenda anyezi. Kaputeni anakana kuti titsike."

"Ndiye zouzirazo munazitenga kuti?"

"M'mutu muno. Ndinaona kuti moto wambiri chonchi uyenera kukhala ndi wouzira." Ana anagwa nacho chiseko, ndipo iwonso anaseka mpaka kugwira tebulo. "Safunsa anadya phula, ana inu. Ine lero ndadya ndi njuchi zomwe."

Atapukuta misozi anatenga choko n'kupatsa Chete ndi manja awiri. "Mwini mwambo ndi uyu. Tiphunzitse, mayi. Koma lamulo la muno ukulidziwa: wogwira choko amalankhula Chifalansa."

Chete anayang'ana chokocho, nayang'ana fumbi la pansi. Analoza tsache lomwe linali kuseri kwa chitseko.

"Le balai," ananong'ona Aphunzitsi.

"Le balai, Monsieur," anatero iye, n'kuwapatsa tsachelo.

Bambo amene anaoloka nyanja zitatu anawerama n'kusesa, mwana akuwalozera malo amene adumpha. Liwu lililonse limene Chete ankalisowa ankalifunsa ndi chala, akalilandira n'kuligwiritsa ntchito pomwepo. Khomo linakhala la porte. Ana anajambula maluwa pansi ndi choko chamitundumitundu, nandandalika tinyale mbali zonse ziwiri za khomo ndi m'mawindo.

Namwino atakwera masitepe masana, anaima pa sitepe yomaliza, chikwama chili lende m'dzanja. Anayang'ana maluwa, nayang'ana nyale. M'katimo munkamveka mawu aang'ono olamula poika nyale: "La lampe, ici! Wayilesi, non! Ici!"

"Kodi ameneyo ndi mwana wanga?"

"Ndinakuuzani, mayi!" anatero a Ndinafikako, tsache lili paphewa ngati mfuti. "Njira imeneyi ndi yanga ndekha, simungaipeze m'buku lililonse."

"Amayi, Aphunzitsi amafuna kuti tiuzire nyale," anatero Chete.

Namwino anagwira pakamwa, mapewa akugwedezeka ndi kuseka. Atapeza mpweya anati, "Aphunzitsi, mawa mubwere kunyumba ndi mayi akunyumba, mudzaone Diwali mapazi ali pamtunda. Ndipo mpando wapakonawo musapatse wina."

Ana onse atapita, tinyale titatu tinali tikuyakabe. A Ndinafikako anakhala pansi pakhomo, makiyi ali m'manja, akudikira. Wogulitsa nsapato anakwera kudzaona chimene chachedwetsa mnzake.

"Achimwene, njala sikukupwetekani? Bwanji osangouzira tizipita?"

"Non!" anatero a Ndinafikako, chala chili m'mwamba. "Nyale za Diwali sauzira, mphwanga. Khala pansi ndikufotokozere. Ine zimenezi ndimazidziwa bwino."